Kapu ya pa Shelefu ya Pansi

Giza idaphulika Lachiwiri usiku,
siling'i ya kubafa nkuyamba kudontha misozi yofiirira,
ndipo m'mawa belu la pageti litalira
ndidamva pakhosi panga pakusintha zovala.

Ndili ndi mawu a kuofesi, ositasita,
ndili ndi mawu oitanira ana kudzadya,
koma awa ndi ena, ndimawasunga kuseri kwa chitseko
pamodzi ndi ambulera:
Chingerezi chotulukira m'mphuno,
chachifupi, chopanda chonde,
chija cha ife a ku Marlborough kuno
tikamaopa kuti mtengo ungakwere.

Adalowa ndi chikwama cha zitsulo,
ovolosi yake yoperepeseka m'maondo,
nati, Mamuka sei, amai.
Ndidamuyankha ngati Chishona ndachiphunzira dzulo.

Mwamuna wanga Tichaona, iyeyo amatsika.
Munthu wosadziwa n'komwe potsekera madzi
adapisa manja m'matumba, nakulitsa mawu,
mudhara apa, mudhara apo,
kutchula mawashala ndi mapaipi a kopa
ngati adakulira pa Siyaso ku Mbare.
Pulambala adangogwedeza mutu.
Wawaona ambiri amuna otere,
odziwa zonse makwerero akadali pansi.

Tiyi ndidamuthirira m'kapu ija ya pa shelefu ya pansi.
Sindidaganize. Dzanja lidapita lokha.

Iye ali kudenga, ife pansi tikunong'onezana
kuti tisamupatse zonse asanamalize,
sipanala idapulumuka.
Kudamveka phokoso, kenaka:
Mayo ine, chala changa!

Osati maiwe.
Mayo.

Fumbi lidatsika pang'onopang'ono kugwera pa matailosi
ndipo ndidaona Dzivarasekwa madzulo,
bambo anga akuchotsa penti m'zikhadabo ndi parafini,
akutiyeserera mawu a dona wa ku Highlands
amene zaka khumi ndi zinayi sadawafunse dzina,
ankangoti Penta, mokweza,
ngati akulankhula ndi gonthi.
Ife tinkaseka mpaka kutsamwa.
Iwo ankaseka pang'ono.
Anali ndi kapu yawo kumeneko, yamalata,
yokoleka pa msomali kuseri kwa garaja.

Adatsika akuyamwa chala.
Ndidati, Pepani bambo, mwapweteka kwambiri?
Mawuwo adatuluka adzimbiri
ngati madzi oyamba pa mpope
khonsolo ikatikumbukira patatha sabata.

Adandiyang'ana nthawi yaitali.
Kwanu n'kuti, mayi?
Ndidati Dzivarasekwa. Adaseka: Ayi, kwanu kwenikweni.
Ndidatchula Ntcheu, kumene sindidapondeko.
Iwo Phalombe, adapitako kamodzi kokha, kukaika maliro.
Dzina ndi Layisoni Namakhwa, obadwira ku Tafara,
ana anayi, wamkulu ali ku Joni sayimba foni.

M'mawa ndinkati uyu, kumuloza ndi chibwano.
Pofika masana ndinali kunena kuti awa,
ndikuwakokera mpando m'khitchini,
ndikudandaula kuti shuga ndaika wochepa.
Tichaona adaima pakhomo, manja atatuluka m'matumba,
mudhara wake atamuthera mkamwa,
mlendo m'nyumba yolipira yekha lendi.

Musaganize kuti mtengo udatsika.
Atamanga paipi, napukuta manja,
a Namakhwa adawongola msana, nakonza kukhosi,
ndipo ndidamva nawonso akusintha zovala:
madola makumi asanu ndi atatu, m'Chingerezi chosalala,
chopanda Phalombe, chopanda Tafara,
maso ali pa kabuku ka malisiti.
Nawonso ali ndi mawu awo a kuseri kwa chitseko.
Ndidawerenga ndalamazo kawiri, monga ndichitira.

Pageti ndi pamene adati, Tsalani bwino, achemwali,
mukapita kumudzi mukapereke moni.

Usiku madzi otentha adabwerera.
Tichaona adafunsa zomwe tinkakambirana nthawi yonse ija.
Ndidati za mapaipi.
Ndidatsuka kapu ija, ndidaipukuta,
ndipo ndidaima nayo m'manja pakati pa khitchini
mpaka magetsi adazima.